Diresi laukwati limene ndinapita nalo ku Jamaika

Ife Amalawi a ku London, zaka zoyambirira za m'ma 2000 zija, tchuthi sitinkachidziwa ngati nthawi yokaona dziko. Zoona dziko zinali za azungu amene tinkagwira nawo ntchito, obwerako atapsa mphuno ndi dzuwa n'kumationetsa zithunzi za nyanja. Ife tchuthi chinali cha kumudzi basi. Ukangolakwitsa kunena kutchalitchi kuti mwezi wamawa ukwera ndege, sabata yomweyo nyumba yako inkasanduka depoti ya basi. Uyu wabwera ndi nsapato za ana, uyu foni, uyu mafuta odzola, uyu mankhwala a shuga a bambo ake, aliyense n'kumati, "Kaphukusi kakang'ono chabe aka." Lamulo lake linali limodzi: sukana. Umalandira ndi manja awiri, chifukwa kupatsa n'kuika, mawa wofuna kunyamuliridwa udzakhala iweyo.

Ine ndinali namwino pachipatala china ku Romford, ndipo ndinkachita lendi kachipinda kamodzi pafupi ndi msika. Chaka chimene nkhaniyi inayamba sindikanatha kuyenda. Pasipoti yanga inali ku Croydon, kumaofesi oona za alendo okhala m'dzikomo, ndikudikira kuti andiwonjezere nthawi. Pasipoti ikakhala kumeneko munthu umakhala ngati mbuzi yapachingwe. Kumudzi ndinali nditatha zaka zitatu osapondako.

Amayi anga ankakhala ku Thyolo. Moyo wawo wonse anautha akuthyola khofi pa esiteti, khofi amene iwo eni sanamwepo, ndipo ndi zala zimenezo anandiphunzitsa sukulu. Pofika nthawi imeneyo zalazo zinali zitapindika ndi nyamakazi, moti batani laling'ono sankatha kumanga. Mwezi wa Meyi, podziwa kuti chiperoni chayandikira, ndinawagulira juzi yaubweya yobiriwira, yotsegula kutsogolo. Ndinadula mabatani ake onse, ndinakagula ena amtengo akuluakulu pamsika wa Romford, n'kuwasokerera ndekha ndi ulusi wakuda poti wobiriwira ndinalibe. M'thumba mwake ndinaikamo kalata ya masamba anayi ndi chithunzi changa nditavala yunifolomu. Amayi anali asanandionepo ndili mu yunifolomu ya kuno.

Amene ankapita kumudzi mwezi umenewo anali alamu anga, mkazi wa malemu achimwene. Anafika ku London ine ndisanabwere, ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ankakhala ku Wembley. Mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana, anamusiya kumudzi, ndipo sukulu ikatsekera ankakakhala ndi agogo ake ku Thyolo. Ndinakwera sitima ziwiri kukatula phukusilo, ndipo alamu analandira ndi manja awiri monga mwa lamulo. Madzulo ake ndinaimba foni kugolosale ya kwathu, kumene tinkasiya mauthenga, kuti akawauze amayi kuti katundu wawo akubwera.

Atabwerako ndinawafunsa tili pakhomo la tchalitchi.

"Ndinawapatsa m'manja, alamu," anatero. "Anavala pompo. Anachita kuvina!"

Mu Julayi amayi anamwalira ndi chibayo. Maliro ndinalirira pa foni, ndi makhadi okanda aja amene ankatha mawu akadali pakamwa. Pasipoti inali ikadali ku Croydon. Chimene chinandigwira mtima miyezi yonse yotsatira chinali chimodzi chokha: amayi anapita ali ofunda, atavala juzi yanga, atamva kalata yanga, ataona mwana wawo mu yunifolomu. Ndinkadziuza zimenezo m'basi, m'wodi, ngakhale posamba. Popanda zimenezo sindikudziwa ngati ndikanamadzuka kupita kuntchito.

Mu Januwale tinali ndi mapemphero a amayi kunyumba kwa alamu. Kunkazizira kwambiri, ndipo makina omanga bwalo la mpira latsopano la ku Wembley anangoti njo m'nkhungu. Ndinagogoda. Chitseko chitatseguka ndinaona mabatani. Asanu ndi limodzi, amtengo, akuluakulu, ulusi wakuda. Nkhope ya alamu ndinaiona pambuyo.

Sindinagwe, sindinakuwe. Ndinangoti juzi yanu ndi yabwino.

"Iyi yandipulumutsa winter ino," anatero akundilandira ambulera. "Ndinaipeza mu katundu wotsala pansi pa masitepe apa. Kaya inali ya ndani."

Kaya inali ya ndani. Sanakumbukire n'komwe. Akanakhala kuti anaiba akudziwa, mwina ndikanawalemekezako, chifukwa wakuba amadziwa mwini chinthu. Titatha kupemphera, mayi wina amene ankakonzekera ulendo anayamba kudandaula za kuchuluka kwa maphukusi, ndipo alamu anamulangiza pamaso pathu tonse, mbale ya mpunga ili m'manja.

"Iwe usamadzivutitse. Umangolandira zonse, kukana n'kuipa. Ukaika pa sikelo, zikakhala overweight, zina umasiya. Adziwa ndani? Ukabwerako umangoti ndinapereka."

Azimayi anaseka, ena mpaka kugundana manja. Ine ndinadya nawo mpungawo, ndinaimba nawo nyimbo yotsekera, ndinatsanzika bwinobwino. M'sitima yobwerera ndi mmene ndinamvetsa chimene andilanda. Juzi ndi juzi, ndikanagula ina. Anandilanda amayi ofunda aja n'kundisiyira amayi enieni, onjenjemera pa mphasa, akuyang'ana kumsewu. Ndinalira maliro achiwiri pakati pa Liverpool Street ndi Romford, azungu akubisa nkhope m'manyuzipepala. Potsika misozi inali itauma. Ndinati mlandu suola.

Ndinadikira zaka ziwiri. Ndinkawapatsa moni, ndinkawafunira mafuno abwino pa Khirisimasi, ndinawanyamulirapo ngakhale ufa ndi usipa pobwera kuchokera kumudzi pasipoti yanga itatuluka. Sindinali wokhululuka ayi. Ndinkangofuna kuti tsiku limenelo lidzawapeze atagona tulo.

Tsikulo linabwera lokha. Mwana wawo uja anapeza banja, ukwati unakonzedwa mu Okutobala ku Limbe, ndipo pasipoti ya alamu inali ku Croydon. Chaona mnzako chapita. Pa ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo sakanakhalapo, choncho mtima wawo wonse anauika pa diresi. Analigula mushopu ina yodula, anapita nalo kwa telala ndi miyeso yochita kulemba pa foni, ndipo mtauni monse mwa Limbe munamveka kuti mkwatibwi avala la ku London.

Kuwodi kwathu kunali mayi wina wa ku Jamaika, wamkulu kwa ine, amene ankandikakamiza chaka ndi chaka kuti ndidzapite naye kwawo. Ankati anthu a ku Afrika timafa tisanaone kanthu, timangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kumaliro. Ndinkangoseka. Tsiku limene ndinamva deti la ukwati ndinamupeza akupinda mashiti a pabedi n'kumufunsa kuti chaka chino apita liti. Anati Okutobala. Mawa lake tinakagula tikiti yanga.

Alamu anaimba foni sabata isanathe.

"Alamu, ndamva kuti mwatenga leave October. Mulungu ndi wabwino!"

Sanafunse kumene ndikupita. Akanafunsiranji? Mmalawi akatenga tchuthi amapita kuti? Koma ndisadziyeretse, bodza ndinanena ndi pakamwa panga. Ndinawauza kuti ndikafika ku Chileka Lachinayi, ukwati uli Loweruka. Ndinawapemphanso kuti asauze aliyense za ulendo wanga, poti malo onse m'sutikesi ndasungira diresi lokha. Apa ndinkafuna kuti ena osalakwa asavutike. Za mkwatibwi, mwana wa achimwene anga, magazi anga enieni, ndinkazikankhira kumbali ngati ntchentche pa ndiwo.

Anabwera nalo okha ku Romford, lili m'chikwama chake choyera chazipi. Analitulutsa kuti ndione mikanda ya pachifuwa, akulisisita, maso ali ndi misozi. Ankafuna kudzandiperekeza ku bwalo la ndege la Heathrow, koma tsikulo anali ndi shifiti ziwiri zotsatizana. Ndinawauza kuti asadandaule. Ndinalandira diresilo ndi manja awiri.

Ndikanatha kulisiya m'chipinda mwanga. Koma ndinaganiza kuti zikadziwika msanga, alamu adzachonderera mwini nyumba kuti awatsegulire, adzapeza wina wopita kumudzi Lachisanu, diresi lidzafika. Choncho ndinalilongedza. Foni ndinaithimitsa n'kuitsekera mudirowa. Sitima yopita ku bwalo la ndege la Gatwick imadutsa ku Croydon, ndipo itaima pamenepo ndinayang'ana nyumba zazitalizo n'kuipatsa moni pasipoti ya alamu chamumtima. Pa sikelo sutikesi yanga inapezeka yopepuka, diresi lili momwemo. Malo analipo okwanira majuzi khumi.

Kingston inatilandira ndi kutentha kwa ku Nsanje. Mnzanga uja, amene ku Romford ankayenda mofatsa ngati mkulu wa mpingo, atangoponda kwawo anasanduka munthu wina. Mawu anakwera, chiuno chinamasuka, Chingerezi chake chinakhota moti ndinkangotolapo mawu amodziamodzi. Tisanapite patali anaimitsa galimoto pamsewu pamene bambo wina ankawotcha nkhuku mumgolo wodula pakati, utsi uli tolotolo. Nkhukuyo amayamba aigoneka mu tsabola ndi masamba onunkhira, ndipo tsabola wake ndi m'bale wake wa kambuzi, koma wolusa kuposa. Ndinadya uku misozi ndi mamina zikutsika, ndikunyambita zala. Linali Lachiwiri. Ndinawerenga pamtima kuti kwatsala masiku anayi, ndipo ndinaitanitsa ntchafu ina.

Mmawa mwake anandipatsa chakudya chimene amanyadira nacho dziko lonselo, chipatso chachikasu chokazinga ndi nsomba yamchere, chooneka ngati mazira. Anandiuza kuti chipatsocho sathyola chisanatseguke chokha pamtengo, chifukwa chosakhwima chimapha. Pambali panali nthochi zosapsa zophika ndi chilazi. Kenako kunabwera ndiwo zamasamba zimene mnzanga anazitama ulendo wonse wa pandege, amati kalalu. Nditatsegula mbale ndinaseka mpaka kutsamwa. Bonongwe! Bonongwe yemweyu womera yekha kuseri kwa khola. Kuwoloka nyanja yonse ija kudzadya bonongwe, ndipo ndinadya mbale ziwiri.

Kwawo kwenikweni kunali kumapiri, kumtunda kwa Kingston. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota, phompho lili mbali imodzi, ndipo madalaivala amangoimba hutala pa kona m'malo mochepetsa liwiro. Tikamakwera kutentha kunkatsalira m'munsi. Nsungwi zinayamba, kenako mitengo yovala ndere, timitsinje todumphira pamiyala, nthochi zochitira mthunzi mizere ya khofi. Titatsika m'galimoto mphepo inandimenya kumaso ndipo ndinaizindikira. Ndinathawa njira ya kwathu, ndinalowera mbali ina ya dziko lapansi, n'kukapeza Thyolo ali phee kundidikira.

Lachinayi, tsiku limene anthu ankandiyembekezera ku Chileka, ndinali m'munda wa khofi wa achimwene ake a mnzangayo. Inali nthawi yothyola. Anandipatsa ndowa mongofuna kuseka, kuti aone mlendo wa ku London akuvutika. Koma manja anga anakumbukira okha. Umasankha zofiira psu zokhazokha, zobiriwira umazisiyira ulendo wina, umapotokola pang'ono kuti kaphesi katsale pamtengo, chaka chamawa padzaberekenso. Amayi anandiphunzitsa ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndikathyola yosapsa ankandikhoma ndi chala pamutu. Azimayi a m'mundamo analeka kuseka. Wina anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti, ndinamuuza kuti kwa munthu amene anathyola khofi zaka zambirimbiri osalawako.

Masana anakazinga khofi wa chaka chatha m'chiwaya, anasinja mumtondo, nyumba yonse inanunkhira. Ku Romford ndinkamwa khofi wa m'botolo pofuna kuthamangitsa tulo, ndipo ndinkayesa kuti khofi yense ndi wowawa ngati mankhwala a malungo. Uyu anali wofewa, wosakanda pakhosi, wotsekemera pang'ono ngakhale wopanda shuga. Kapu yoyamba ndinamwera amayi, yachiwiri ndinadzimwera ndekha. Tili pakhonde nkhungu inakwera kuchokera m'chigwa n'kumeza mapiri onse, kuzizira n'kuyamba. Mnzanga anandibweretsera juzi, ndinakana. Ndinkafuna kuzizirako kundilowe m'mafupa, ndidziwe bwinobwino chimene amayi anamva, kuti mtima usafewe. Ndinakhala pamenepo ndi bulauzi yopyapyala mano akugundana, ndikuganiza za alamu ali ndi khadi la foni m'manja, akuimba ku Limbe, akuimba ku Romford, akuimba kuwodi.

Dziko lokongola ndi loopsa kwa munthu wosunga chakukhosi. Lachisanu mmawa, pa maluwa ofiira a pakhonde, panabwera kambalame kakang'ono ngati choso, kobiriwira monyezimira, mlomo wofiira, kumchira kuli nthenga ziwiri zazitali kuposa thupi lake. Kankaima m'malere osatera, mapiko osaoneka, kenako kubwerera chammbuyo. Ndinakayang'ana nthawi yaitali kukamwa kuli yasa, ndipo ndinadzidzimuka nditazindikira kuti kwa kanthawi konseko sindinadane ndi munthu aliyense. Ndinachita mantha. Ndinalowa m'nyumba msanga, ndinatsegula sutikesi kuti ndione diresi lija, chidani chibwerere.

Mnzanga anandipeza ndili chigwadire, mikanda ili m'manja. Anayamba ndi nthabwala, kuti kodi ndabwera kudzakwatiwa ndi mlimi wa khofi osamuuza. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira mabatani mpaka sikelo. Anamvetsera osandidula. Nditatha anati nawonso amadziwa za kudikira, chifukwa iye anakula akuyang'ana kumsewu kudikira migolo ya katundu imene amayi ake ankatumiza kuchokera ku England.

"Mlamu wakoyo ndi njoka," anatero. "Akanakhala pano ndikanamugwira miyendo kuti umumenye bwino. Koma amene waima pamsewu lero ndi ndani?"

Ndinamuyankha mwaukali kuti amayi anga nawo anali osalakwa. Anati ndi zoona. Anangotseka zipi ya chikwamacho kuti chinyezi chisalowe, n'kupita kukasenda chilazi. Tsiku lonselo sindinamuyankhule, koma mbuzi yophika ndi curry imene anakonza madzulo ndinadya mpaka kukukuta mafupa.

Loweruka tinalawirira kupita kumtsinje wina kumadzulo kwa chilumba cha Jamaika, umene amautcha Black River. Ulendo wake ndi wautali, wodutsa m'minda ya nzimbe ndi m'timatauni todzaza nyimbo ndi mbuzi. Nthawi ya kumeneko imatsalira maola asanu ndi awiri pa ya kwathu, choncho pamene ndinkadzuka n'kuti kutchalitchi ku Limbe zitatha kale. Pamene tinkakwera boti n'kuti kuholo kuli perekaniperekani. Chimene mkwatibwi anavala sindinkachidziwa, koma ndinkadziwa chimene sanavale.

Madzi a mtsinjewo ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mbali zonse kuli mitengo yokhala ndi mizu yolendewera kuchokera m'nthambi, akakowa ali mbee pamwamba pake. Woyendetsa boti anathimitsa injini, anamenya madzi ndi dzanja n'kuitana, ndipo ng'ona inatuluka pansi pa mizu n'kubwera ngati galu wa pakhomo. Anaisisita pamphuno. Azungu a m'botimo anakuwa mokondwa, makamera ali thethethe, ena mpaka kutambasula manja. Ine mwana wa kufupi ndi Shire ndinakhala pakatikati pa boti manja ali pamiyendo, chifukwa ng'ona ya kwathu siseweretsedwa. Ina inali itagona pa chipika kukamwa kuli kotsegula, osaphethira, osagwedezeka. Ndinaiyang'ana ndipo ndinaikonda.

Pobwerera tinagula tinkhanu tofiira ta tsabola timene azimayi amagulitsa m'timapepala m'mbali mwa msewu, tinakasamba pa mathithi ena madzi akutimenya pamsana. Ndisaname, ndinasangalala. Ndinasangalala ndi madziwo, ndinasangalala ndi tsabola, ndipo koposa zonse ndinasangalala poganiza kuti ku Wembley kuli munthu amene tsiku la chimwemwe cha mwana wake walithera pa foni, akulira, sakudziwa ngati ndili moyo kapena ndafa. Masiku otsalawo tinayendera gombe la kumpoto, ndinadya nsomba zokazinga zothira viniga ndi anyezi, ndinamwa madzi a kokonati pachipatso pomwe, ndinanenepa. Diresi linkayenda nane paliponse.

London inandilandira ndi mvula yamawawa. Ndinayatsa foni, ndinafulula khofi wa kumapiri uja, ndinakhala pansi n'kumvetsera mauthenga onse a alamu mmodzimmodzi. Oyamba anali aulemu, apakati anali olira, otsiriza anali otukwana. Atamva kwa anzanga a kuwodi za kumene ndinapita, mawu anawathera, uthenga womaliza unali kupuma kokhakokha.

Lamulungu masana ndinapita ku Wembley ndi chikwama choyera chija. Anatsegula chitseko maso ali otupa.

"Mwandipha, alamu! Mwana wanga wakwatiwa ndi diresi lobwereka, lomanga ndi mapini! Ndinakulakwirani chiyani ine? Why? Diresi munapita nalo kuti?"

"Ndinapereka m'manja," ndinatero. "Anavala pompo. Anachita kuvina."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinaika chikwamacho pansi, pamwamba pake ndinaikapo paketi ya khofi, poti mlendo sabwera chimanjamanja. Juzi ija inali itapachikidwa pamsomali m'kakhonde kolowera, yatha m'zigongono, batani limodzi litathothoka. Ndinaipachula.

"Mabatani awa ndinasoka ndine, alamu. Onani ulusi. Zala za apongozi anu sizinkamanga batani laling'ono."

Ndinaona nkhope yawo ikukumbukira pang'onopang'ono. Zaka ziwiri ndinadikira kuti ndione zimenezo, ndipo zinakoma monga ndinkaganizira. Anakhala pansi pa masitepe pomwepo, pamwamba pa malo amene ankasungira katundu wa anthu.

"M'thumba munali kalata ndi chithunzi. Zili kuti?"

"Sorry, alamu... ndinataya. Sindinawerenge. Sindinadziwe kuti..."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinatuluka ndi juzi yanga, chitseko ndinasiya chotsegula.

Nkhani inafika kutchalitchi ine ndisanafike ku Romford. Ena anati alamu alandira zowayenera, makamaka amene anayamba kukumbukira maphukusi awo osafika. Koma ngakhale amenewo anaona kuti ine ndaposa muyeso. Kusiya katundu chifukwa cha sikelo ndi tchimo limene aliyense ankalidziwa. Kulandira ndi manja awiri uli ndi tikiti ya kwina, limenelo linali lachilendo. Kuyambira pamenepo palibe anandipatsanso kaphukusi, ndipo palibe analandiranso kanga.

Mu Disembala mayi wina amene anabwera kuchokera kumudzi anandipatsa envulopu pakhomo la tchalitchi, osandipatsa moni. Inali yochokera kwa mkwatibwi uja. Munali chithunzi. Anali ataima pakhomo la holo akumwetulira, diresi lili lalikulu m'mapewa, dzanja limodzi akugwira pachifuwa kuti lisatsike. Nkhope ndi ya achimwene anga yeniyeni. Kalata yake inali ya tsamba limodzi, yopanda chitonzo ngakhale chimodzi.

"Anti," analemba, "amayi andiuza zonse, za juzi zija ndi zinazi. Ndaona kuti ndi bwino mudziwe. Agogo akudwala ndine ndinali nawo. Amayi atabwera chaka chija anati katundu wanu watsalira, abwera ndi munthu wina. Ndiye tsiku lililonse agogo ankandituma kugolosale kukafunsa ngati kalata yanu yafika, ine pobwera ndinkawauza kuti ili m'njira. Mpaka tsiku lomaliza ndinawauza choncho. Lachinayi lija ndinapita ku Chileka, Lachisanu ndinapitanso. Anthu akamandifunsa za diresi ndinkati lili m'njira. Mawuwo sanandivute, ndinali nditawazolowera kale."

Ndinawerenga ndili chiimire pamalo odikirira basi, mabasi awiri anandidutsa.

Alamu sindinawapepese, ndipo sindidzawapepesa. Ndikakumbukira nkhope yawo pa masitepe paja mtima umazizirabe, ndipo Jamaika ndikanapitanso mawa lomwe. Koma mtsikana uja ndinamuyankha sabata yomweyo, masamba anayi. Mawu otere kwathu satumiza pa positi, amafuna munthu wokapereka m'manja n'kuona mmene alandirira. Ndinayenda nayo kalatayo kutchalitchi milungu itatu, ndikufunsa amene akupita kumudzi pa Khirisimasi, ndipo aliyense ankayang'ana kumbali n'kunena kuti makilo akwana. Chaka chotsatira ndinapita nayo ndekha mpaka ku Limbe, ndinafika pa geti la nyumba yake, ndinamva mwana wakhanda akulira mkatimo, ndinabwerera. Ikadali m'thumba la juzi yobiriwira ija, mudirowa la pansi.